Sitolo ya makandulo ku Glastonbury, komwe ndinapeza kolona ndi nyenyezi ya a Wicca pa shelefu imodzi

Ndinalowa m'sitolo imeneyi dzanja lili m'thumba la jekete, chala chitagwira mtanda wa kolona. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe amene akukusimbirani. Ndine Mkatolika wobatizidwa ku Mua, ndinakulira mu mphakati, ndipo amayi anga anali a Legio ya Maria mpaka tsiku limene anatisiya. Pano ndimakhala ku Bristol ku England, ndimasamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Ku Glastonbury sindinapite kukaona malo ayi. Anachita kundikoka ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 19.

Tsiku lina ndikukasiya zovala zochapa kuchipinda kwake, ndinapeza pawindo atayala kansalu kobiriwira. Pamwamba pake panali makandulo awiri, timiyala tonyezimira, kambale ka mchere, ndi kamkanda ka nyenyezi ya nsonga zisanu. Pambali pake, ataizinga bwinobwino, panali kolona imene agogo ake anamutumizira pa tsiku lake la ulimbitso. Ndinazizidwa nkhongono. Madzulo nditamufunsa sanabise kanthu. Anati akuwerenga za Wicca, chipembedzo china cha kuno, ndipo sakuona chifukwa chosiyira Misa, angathe kukhala zonse ziwiri. Zimene ndinamuyankha usiku umenewo sindizibwereza pano. Tinatha sabata ziwiri tikungopatsana moni. Kenako ndi iyeyo amene anati, "Amayi, tiyeni mukaone nokha kumene ndimagula zinthuzi, muzindikalipira mukudziwa chimene mukukalipira."

Tinakwera basi yodzera ku Wells, Loweruka lina la mu Januwale, kuli chisanu cholowa m'mafupa. Ndi ulendo wa pafupifupi ola ndi theka. Glastonbury ndi katauni kakang'ono ka ku Somerset, koma mumsewu wake waukulu, High Street, masitolo ogulitsa miyala, makadi oombezera ndi mafano amangotsatizana. Dzina la imene tinalowa ndalisunga dala, chifukwa ndili ndi madandaulo angapo pomwe mwini wake anandilandira ngati mlendo wa kunyumba kwake.

Chimene chinandithyola mphamvu pakhomo pomwe ndi fungo. Ndinkayembekezera fungo lachilendo, koma ndinamva lubani. Lubani weniweni wa timibulu, wowotcha pa khala, yemwe uja anyamata otumikira ku guwa amathira m'chofukizira usiku wa Pasaka. Mphuno inanditengera kutchalitchi kwathu pomwe maso akuona zina. Sitoloyo ndi yopapatiza koma yaitali. Kumanzere kuli makandulo, kumanja miyala ya mitundumitundu m'timadengu, kumapeto mabuku, ndipo pakona pali masitepe okwera kuchipinda kumene amaombezera anthu ndi makadi a tarot. Pafupi ndi polipirira pali kabati yagalasi yokiya, momwe muli timipeni takuthwa konsekonse. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

Mwini sitolo ndi mayi wachikulire wa imvi mbuu, atavala juzi ya ubweya ngati agogo ena alionse. Anaona mendulo ya Amayi Maria m'khosi mwanga, anaonanso nkhope yanga, ndipo sanandifunse kuti ndikufuna kugula chiyani. Anakoka mpando nati ndikhale. Za timipeni tija anandiuza yekha ndisanafunse: amati athame, sadulira kanthu, saphera kanthu, amangolozera polemba mzere wozungulira malo amene akuchitirapo mwambo, ndipo sagulitsa kwa aliyense wosakwana zaka 18 chifukwa lamulo la kuno silimalola.

Ine ndinangolunjika. Ndinamufunsa ngati ali mfiti. Anavomera akumwetulira, poti mawu a Chingerezi amene timamasulira kuti mfiti iwo amawanyadira. Apa ndi pomwe tinachedwa, ndipo ndikufuna amene muli ndi ana okulira kunja kuno mumvetsetse. Ndinamufotokozera chimene mawuwo amatanthauza kwathu: munthu woganiziridwa kuti amauluka pa lichero usiku, amalodza abale ake, amafukula maliro. Ndinamuuza za ku Neno, komwe mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Ndinamuuzanso kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma agogo akupitirira kuthamangitsidwa m'midzi. Mayi uja anagwira pakamwa. Mwana wanga, amene anachoka ku Malawi ali ndi zaka 7, anangoti zyoli. Pomwepo ndinamupempha kuti kaya asankha chiyani, mawu amenewa asadzadzitchule nawo pa Facebook kapena pa foni ndi abale akumudzi. Kuno anthu amawasindikiza pa malaya. Kwathu akhoza kuwotchetsa nyumba ya azakhali ake.

Tsono Wicca ndi chiyani? Si ufiti wa kwathu uja, ndipo si kupembedza Satana, poti iwo sakhulupirira n'komwe kuti Satana alipo. Ndi chipembedzo chatsopano chobadwira ku England konkuno. Amene anachitulutsira poyera ndi Gerald Gardner, mkulu wina amene anagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Malaya. Lamulo lakale la 1735 loletsa za ufiti litachotsedwa mu 1951, iye anatulutsa buku lofotokoza za chipembedzochi mu 1954, ndipo mayi wina, Doreen Valiente, analemba ndi kukonza mawu ambiri a m'miyambo yawo. Amapembedza mulungu wamkazi, amene amamuona m'mwezi ndi m'nthaka, ndi mulungu wamwamuna wa nyanga kumutu. Ali ndi zikondwerero 8 pachaka zotsata nyengo, amakumananso mwezi ukakhwima. Nsonga zisanu za nyenyezi ija zimaimira nthaka, mpweya, moto, madzi ndi mzimu. Langizo lawo lalikulu ndi loti uchite chimene ukufuna bola usapweteke wina aliyense. Pa kalembera wa 2021 wa ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 13,000 analemba kuti ndi a Wicca. Zambiri mwa izi mayi uja anandiuza mosakometsera. Sananamizire kuti chipembedzo chawo chinayamba kale Yesu asanabadwe, monga ena amanenera pa intaneti.

Kenako mwana wanga anaponya funso lake, loti kodi munthu angathe kukhala Mkatolika komanso wa Wicca, akuyembekezera kuti apeza womuikira kumbuyo. Ine ndinali nditakonzeka kale kumva yankho la wamalonda, loti zonse n'zimodzi, ingogulani. Koma mayiyo anakhala chete pang'ono, nati iyenso anabadwira m'banja la Chikatolika ndipo anaphunzitsidwa ndi asisitere. Anati alipo makasitomala amene amadzitcha Akhristu komanso a Wicca, ndipo sawathamangitsa, koma kwa iye n'zosatheka kuimirira Lamulungu n'kunena kuti ukhulupirira Mulungu mmodzi, kenako Lachinayi usiku n'kumaitana milungu iwiri. Anati iye anachoka mu Mpingo atazindikira zimenezi, chifukwa ankaona kuti kupitiriza kulandira Ukaristia kukanakhala kunyoza amayi ake amene ankaukhulupirira ndi mtima wonse. Anauza mwana wanga kuti asafulumire, koma asadzinamizenso.

Pa chifukwa chimenechi chokha sitoloyi ndimailemekeza. Munthu amene chakudya chake chimachokera pogulitsa zinthu zimenezi anauza kasitomala wake mawu otha kumuthawitsa.

Ine yankho langa ndi lomwelo, kungoti ndikuchokera tsidya lina la mtsinje. Lamulo loyamba silisiya mpata wa mulungu wachiwiri, kaya wamkazi kaya wa nyanga. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2116, amakana kuombeza kwa mtundu ulionse, kuphatikizapo kuwerenga nyenyezi ndi zikhatho, ndipo pa ndime 2117 amakana matsenga onse ofuna kulamulira mphamvu zobisika, ngakhale cholinga chitakhala kuchiritsa wodwala. A Wicca ambiri amakhulupirira kuti munthu akafa amabadwanso m'thupi lina, pomwe ife, monga inenera kalata ya kwa Ahebri 9:27, timafa kamodzi kenako chiweruzo. Koma chimene ndinachiona ndi maso anga m'sitolomo n'chapafupi kuposa ndime zimenezi. Pa shelefu ina panali timapaketi, kalikonse kali ndi kandulo, masamba ouma ndi kapepala ka mawu oti unene: ka chikondi, ka ndalama, ka ntchito. Ndinawerenga kamodzi. Mawu ake amatha ndi munthu kulamula kuti zichitike monga iye wafunira. Ine ndikayatsa kandulo ndimati "kufuna kwanu kuchitidwe." Kandulo ndi yomweyo, machesi ndi omwewo, koma wina akupempha, wina akulamula. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ndinauza mwana wanga kuti sindikuopa kuti asanduka chilombo, ndikuopa kuti mvula idzamupeza ali pakati, alibe kumene wagwira.

Tsopano madandaulo anga.

Loyamba ndi limene linandiwawa mumtima. Pa shelefu ya mafano, pakati pa Isis wa ku Egypt ndi milungu ina yaikazi, panaima Amayi Maria atavala buluu, manja atatambasula, ndipo kachikwangwani kake kankasonyeza kuti onsewa ndi nkhope za mayi mmodzi. M'munsi mwake makolona anawasakaniza m'dengu limodzi ndi timiyala tolendewera pa tcheni toombezera. Ndinamuuza mwini sitolo kuti kwa ife Maria si mulungu, ndi mdzakazi wa Ambuye, munthu ngati ife amene anavomera. Kumuika pamenepo si kumukweza ayi, ndi kumuchotsera chimene iye mwini ananena. Ndinamuuzanso kuti shelefu imeneyo ikuphunzitsa ana zosiyana ndi zimene pakamwa pake panali patangotuluka. Anandimvetsera mwaulemu, anati zimagulidwa kwambiri, ndipo sanasunthe kanthu. Ndikukhulupirira kuti maganizo oti zonse ziwiri n'zotheka mwana wanga anawatola pa shelefu imeneyi.

Lachiwiri ndi timakadi ta pa miyala. Kena kamati mwala uwu umathandiza kugona, kena kamati umachepetsa ululu wa m'mafupa, kena za mtima. Ine ndimagwira ntchito ndi okalamba ndipo ndikudziwa mmene munthu wotopa ndi matenda amagwirira chilichonse chimene chamulonjeza mpumulo. Sindinaone paliponse pamene analemba kuti musasiye mankhwala a kuchipatala. Miyala yambirinso ilibe mitengo, umadziwira polipira. Kamwala kofiirira kongokwana m'chikhatho kanali mapaundi 14. Masitepe ndi opapatiza, wa njinga ya olumala sangathe n'kulowa komwe, ndipo utsi wa lubani ndi wochuluka kwa munthu wa mphumu. Kumwamba kuja sindinakwereko ndipo sindidzakwerako.

Koma ndikanama ndikanena kuti ndinatuluka ndili woyera ngati thonje. Tili pa timapaketi tija, mwana wanga anandiyankha motsitsa mawu: "Nanga agogo aja, amayi?" Ndinadziwa chimene akunena. Amayi anga, a Legio omwe aja, mwanayu ali khanda anamumangirira mendulo pa kachingwe komweko kamene azakhali anamangapo kachithumwa ka liwombo. Tikamasamukira nyumba ina ankawaza madzi odalitsidwa m'makona monse, ndipo sankati akudalitsa, ankati akutsirika. Ndipo tonse tikuwadziwa Akhristu oimba kwaya m'mawa amene usiku amagogoda kwa sing'anga kukaombeza ula mwana akadwala. Ndiye funso ili si la azungu okha, kungoti kwathu timalichita mumdima osalitchula dzina. Katekisimu yemweyo, pa ndime 2111, amachenjeza kuti ngakhale pemphero kapena chizindikiro chopatulika chimasanduka chikhulupiriro chachabe munthu akamaganiza kuti mphamvu ili m'kachitidwe kake kokha, mtima uli kwina. Mendulo ikhoza kusanduka chithumwa m'khosi mwa Mkatolika. Ndinavomera pamaso pa mwana wanga ndi pamaso pa mayi uja kuti pamenepo wandigwira.

Mwana wanga anandikumbutsanso za ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, komwe zigoba za Gule Wamkulu zimasungidwa pa mishoni penipeni ndipo amisiri amasema Yesu ndi Maria a nkhope za Achewa. Anati ngati Mpingo unalandira ng'oma, ukukaniranji mwezi ndi miyala? Funsolo ndi labwino. Mpingo womwe unanena mu 1965, pa msonkhano wa Vatican wachiwiri, kuti sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. Koma ku Mua ndinaona Khristu yemweyo atavekedwa nsalu ya kwathu. Sindinaone guwa lachiwiri.

Pali zinthu zitatu zimene ndinagula, ndipo pa zonsezi sindikudandaula.

Makandulo a phula la njuchi, awiri mapaundi 9. Ndi odula, koma ndi phula lenileni, lolemera m'manja, lonunkhira uchi, ndipo sachita mwaye. Lubani, kabotolo kamodzi mapaundi 6, pamodzi ndi timakala take. Chachitatu ndi mtanda wa Brigid Woyera, wolukidwa ndi udzu wa m'dambo, wa mikono inayi yofanana, pakati pake pali ngati kachikwatu. Apa mayi uja anaonetsanso chilungamo chake. Anati dzina la Brigid lili pawiri: kuli mulungu wamkazi wa anthu akale a ku Ireland, kulinso Brigid Woyera wa ku Kildare, sisitere amene Akatolika amamukumbukira pa 1 Febuluwale, tsiku lomwelo limene a Wicca amachita chikondwerero chawo cha Imbolc. Anati mtandawo amagula anthu a mbali zonse ziwiri, aliyense ndi tanthauzo lake. Mwana wanga anandifunsa kuti tsono umenewu ndi wa ndani, wanga kapena wake. Ndinati ndiwutengera kwa abambo mfumu akaudalitse, ndipo ukalowa m'nyumba mwathu ulowa ngati mtanda.

Tikutuluka, mayiyo anathamangira kumabuku nabwera ndi kabuku kofotokoza za Hildegard wa ku Bingen, n'kupatsa mwana wanga kuti aone. Ameneyu anali mkulu wa asisitere a Benedikito ku Germany, anamwalira mu 1179, analemba za zitsamba ndi zochiza, anapeka nyimbo, ndipo Papa Benedict XVI anamutcha mphunzitsi wa Mpingo mu 2012. Mwini sitolo anati ngati chimene chikumukoka mwana wanga ndi zomera ndi mawu a munthu wamkazi pa za Mulungu, ayambe waona zimene zili kale m'nyumba ya amayi ake asanatuluke panja. Ine amene ndakhala mu Mpingo zaka zonsezi ndinali ndisanamuuzepo mwana wanga za mayi ameneyu. Kabukuko mwana wanga anagula yekha ndi ndalama zake.

Kuchokera pa sitoloyo kukafika ku Magdalene Street ndi mphindi zochepa wapansi. Kumeneko kuli tchalitchi cha Katolika cha Amayi Maria a ku Glastonbury, moyang'anana ndi mabwinja a nyumba yaikulu ya amonke imene Mfumu Henry VIII anaitseka mu 1539. Mkulu wake womaliza, Richard Whiting, nkhalamba, anamupachika pamwamba pa phiri la Tor chaka chomwecho, pomwe lero pali nsanja ya Mikaeli Woyera imene imaoneka uli kutali. Tinalowa m'tchalitchimo kuthawa mphepo. Munali zii, nyali yofiira yokha ikuyaka pa tabenakulo.

M'menemo ndi momwe mwana wanga ananena chimene chinali pansi pa zonsezi. Anati anayamba kuyatsa makandulo pawindo agogo ake atamwalira. Kumaliro sitinapite, mapepala ndi ndalama sizinatilole, tinangoonera pa foni bokosi likutsika. Ine ndinalira masiku atatu n'kubwerera ku ntchito ya usiku. Iye anatsala yekha m'nyumba, wopanda womukhalira pa siwa, wopanda kwaya, wopanda manda oti akaikepo maluwa. Pa intaneti anapeza kuti a Wicca ali ndi usiku wa Samhain, pa 31 Okutobala, umene amayatsa kandulo ndi kutchula mayina a akufa awo. Anati kanali koyamba kumva kuti pali chimene angachite ndi manja ake chifukwa cha agogo ake.

Ndinalira pa benchi pamenepo. Ife tili ndi 2 Novembala, tsiku lopempherera mizimu ya akufa onse, tili ndi mwezi wonse wa Novembala, tili ndi Misa yopereka dzina la womwalira. Kwathu tinkapita kumanda ndi makasu kukalambula, ansembe n'kudzadalitsa. Zonsezi ndinazisiya pa bwalo la ndege, ndipo mwana wanga ndinangomupatsa Misa ya ola limodzi imene timafika mochedwa ine ndikusinza. Tinayatsa kandulo imodzi patsogolo pa Amayi Maria, ndipo tinanena Tikuoneni Maria m'Chichewa, iye akukakamira mawu ena, ine ndikumukumbutsa.

Kodi ndingauze munthu kuti apite ku sitoloyi? Kholo la Chikatolika limene lapeza zimene ndinapeza pawindo, inde, lipite pamodzi ndi mwanayo, likafunse mafunso onse, chifukwa mantha anga ambiri anali pa zinthu zimene kulibeko ndipo vuto lenileni linali pena. Wachinyamata wachisoni kapena wosokonezeka maganizo asapite yekha, shelefu ija ndi timapaketi tija zimalankhula mokweza kuposa mwini sitolo. Wofuna makandulo abwino ndi lubani apeza, atenge ndalama zokwanira ndipo afunse mtengo asanafike polipira.

Mtanda wa Brigid unadalitsidwa ndipo uli pamwamba pa chitseko cha kukhitchini. Mwana wanga anachotsa kolona pawindo paja n'kuika pafupi ndi pilo. Nyenyezi idakali pomwepo. Ku Misa akubwera, koma nthawi ya Ukaristia amatsala pa benchi, anasankha yekha, ndipo wapempha kuti akacheze ndi abambo mfumu Lachitatu likubwerali. Makandulo aja timayatsa imodzi Lachisanu lililonse ndisanapite ku ntchito, patsogolo pa chithunzi cha amayi anga atavala chitenje cha Legio. Yoyamba yatha Lachisanu lachisanu ndi chimodzi, ndipo yachiwiri tayamba dzulo.